Kang'ombe Komwe Kanakana Kukula

Ndikukumbukira fungo la mapesi oyaka, chaka chomwe ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Benga. Bambo anali ndi ng'ombe ziwiri zokha, yamphongo yofula ndi yaikazi yomwe inali ndi bere. Amuna ambiri a m'mudzi anali atapita ku Halale kukagwira ntchito, koma bambo ankakana. Ankati yaikaziyo ikabereka mwana wamphongo adzakhala ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, azidzalima mpunga kudambo n'kumakhala nafe.

Atakolola, anaunjika mapesi a mpunga ndi masamba a mtedza kuseri kwa khola, kuti ng'ombe yabereyo izidzadya m'chilimwe. Tsiku lina masana ndinayatsa tchire kuti ndigwire mbewa. Mwera unanyamula moto, mulu wonse n'kusanduka phulusa. Mbewa ndinagwira zitatu.

Bambo sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anangoyang'ana phulusalo nati, "Mwana wanga, wawotchera chakudya ng'ombe ziwiri. Inayo ili m'mimba."

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Ng'ombeyo inkakukuta makungwa a mitengo, nthiti zonse zili pamtunda. Inabereka wamphongo ndithu, koma kanthu koonda, miyendo ngati mabango, koti ngakhale ine ndinkakanyamula.

Ndinalumbira kuti ndikakulitsa. Ndinkakamwetera nsenjere m'mbali mwa nyanja, ndinkaba gaga m'lichero la mayi. Kankadya, mimba n'kutupa, koma msana sunatambasuke. Patatha zaka zinayi bambo anakaika pagoli. Kanakoka mizere iwiri n'kugwada m'matope, kakupumira m'mwamba. Bambo anamasula goli.

"Tikapatseko chaka china, bambo," ndinachonderera.

"Mafupa amaumbidwa m'mimba, Yohane. Zimene kanasowa kumeneko sungakabwezere."

Mwezi wotsatira anakwera lole ya ku Halale. Makalata anabwera awiri, kenaka zii.

Lero ndakalamba, ndaweta ng'ombe zambiri, ndipo yabere ndimaidyetsa ndisanadye ine. Ndikudziwa tsopano kuti mwana wa ng'ombe amayamba kuleredwa asanaoneke ndi maso, ndipo njala ya miyezi imeneyo amafa nayo. Anthu amati ndinali mwana, ndisamadziimbe mlandu. Mwina akunena zoona. Koma mayi anamwalira akufunsabe aliyense wobwera kuchokera ku Halale ngati anawaonako amuna awo, ndipo akamafunsa, ine ndinkalephera kuwayang'ana kumaso.