Ulusi Wakuda pa Chingwe cha Esitere

A Jeremiya sakhulupirira chinthu asanachigwire ndi manja awo. Sikelo ya pa esiteti saikhulupirira, wolosera zanyengo pa wailesi samukhulupirira, ngakhale akazi awo akati mchere wakwana m'ndiwo amayamba alawa kaye. Anachoka ku Phalombe ndi khasu ndi bulangeti limodzi kudzalima fodya wa eni chakuseri kwa Mitundu, ndipo zaka makumi awiri za utenanti zinawaphunzitsa mwambi umodzi: fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kutchalitchi anawasankha kukhala mkulu wa mpingo chifukwa cha mtima womwewo. Munthu wotere ndi wovuta kumunamiza, komanso, kunena zoona, ndi wotopetsa kukhala naye nyumba imodzi.

Mwana wawo wachisamba, Esitere, anabadwira pa esiteti pomwepo. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamasula tochi ya bambo ake kuti aone kumene kuwala kumachokera. Anakwapulidwa, m'mawa mwake n'kuimanganso, ikuyaka bwinobwino. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, chitsime cha matenanti chinasanduka matope mu Novembala, anthu anayamba kutunga madzi a kudambo, ndipo mlongo wake wamng'ono, Mayeso, anatsekula m'mimba masiku atatu n'kumwalira panjira ya kuchipatala. A Jeremiya anaika maliro n'kubwerera ku nazale. Sanalamule ndi pakamwa kuti dzina la mwanayo lisamatchulidwe. Ankangodzuka n'kuchokapo wina akalitchula, mpaka pakhomo onse anamva okha.

Ku sekondale Esitere ankapita wothamanga, nsapato zili m'chikwama kuopa kuzitha. Miyendo ija inamulowetsa mu timu ya mpira wamanja, ndipo pofika Folomu 3 anali kaputeni. Utsogoleri wake unali wosaphokosera. Wofika mochedwa ankathamanga naye limodzi kuzungulira bwalo, wopanda chakudya ankagawana naye mbatata. Mpira usanayambe ankagwaditsa anzake onse pafumbi n'kupemphera, osapempha zigoli koma kuti pasavulale munthu. Aliyense womufunsa za m'tsogolo ankamuyankha chimodzimodzi, kuti adzakhala injiniya wa za madzi. Bambo ake ankangoti mwana wa tenanti amalota zambiri, bola asalote ali m'kalasi.

Vuto linali lakuti timuyo inkawina mopitirira muyeso. Loweruka lina mu Okutobala atsikanawa anakwera minibasi kupita ku Nathenje n'kukawachinya eni bwalo mochititsa manyazi. Pa nthawi yopuma chikwama cha kaputeni chinagwa, ndipo amayi ena ogulitsa mandasi anaona chingwe chachitali cha mfundomfundo, chomangidwa timaulusi tofiira, kumapeto kuli kachitsulo. Mphekesera siilipira minibasi koma imafika msanga. Pofika Lachinayi, a Lovemore, mkulu mnzawo, anawapeza a Jeremiya akuthirira nazale.

"Akulu anzanga, khoswe wakhala pamkhate," anatero a Lovemore. "Anthu akuti pemphero la mwana wanu uja n'chiphamaso, mphamvu yeniyeni ili m'chikwama. Ena akuti amamuona m'mamawa pachitsime ali yekha, opanda ndowa. Lamulungu tikukumana tisanalowe m'tchalitchi. Ndi bwino nkhaniyi muibweretse nokha."

A Jeremiya anamvetsa tanthauzo lake. Mwana akaikidwa pa chilango, kutsogolera achinyamata kwatha, ukaputeni watha, ndipo palibe kholo limene lingalole mwana wake kugwada pafumbi ndi munthu wa zithumwa. Anachita mantha, komanso anakwiya, chifukwa nawonso anali atadzifunsapo kale: timu yanji yosagonja? Mtsikana wanji wopita kuchitsime chimanjamanja?

Loweruka masana Esitere ali ku maphunziro a kwaya, bambo aja anatsegula chikwama. Chingwe chinalimo ndithu. Mfundo zake zinali zotalikirana mofanana, ntchito yaukhondo imene munthu wosoka fodya sakanalephera kuiyamikira. Kumapeto kunali nati ya njinga. Timaulusi tofiira anawerenga khumi ndi tinayi, ndipo kupitirira tonseto, kutali ndi nati, panali ulusi umodzi wakuda. Umenewo ndi umene unawanyansa kwambiri. Anaudula ndi lumo, kuuponya pamoto, chingwecho n'kuchibisa m'thumba la jekete yawo ya kutchalitchi.

Lamulungu m'mawa anamupeza Esitere akukhuthula chikwama pamkeka.

"Ukufuna ichi?" anafunsa.

"Eya, Ababa."

"Anakupatsa ndani?"

"Ndinapanga ndekha."

"Aliyense wogwidwa amatero."

Esitere sanalire, sanalumbire. Anangovala patapata n'kunena kuti apite naye kuchitsime, akaone okha. A Jeremiya anamutsatira atavala kale jekete, akuyenda cham'mbuyo ngati wapolisi.

Pachitsime mtsikanayo anagona chafufumimba pamlomo pake n'kuyamba kutsitsa chingwe pang'onopang'ono. Kunsi kunamveka kuti chubwi, nati itakhudza madzi. Anatsina chingwe pamene chinakhudza njerwa ya pamwamba.

"Mfundo iliyonse ndi mita imodzi," anatero. "Lamulungu loyamba la mwezi ndimayeza kuti madzi atsika pati, n'kumangapo ulusi wofiira. Ndinayamba chaka chatha. Onani, Okutobala wa chaka chatha anali apa. Lero tili apa, tapitirira ndi dzanja lonse. Ndinawauza akapitawo, anandiuza kuti ndikasewere mpira."

"Nanga ku Nathenje chimakatani?"

"Chimakhala m'chikwama nthawi zonse. Ndikachisiya pakhomo, amayi angayanikirepo zovala."

A Jeremiya sanaseke. Anamulanda chingwe, anagwada, jekete ili m'thupi, n'kuchitsitsa okha. Kawiri. Nati inakhudza madzi pamalo omwewo. Kenako Esitere anayendetsa zala kupitirira timaulusi tofiira, kubwerera, kuyendetsanso. Nkhope yake inasintha.

"Wakuda uja uli kuti?"

"Ndinautentha."

Esitere anayang'ana chingwe m'manja mwa bambo ake. Polankhula, mawu ake anali otsika.

"Umene uja unali wa Mayeso, Ababa. Pamene madzi anafika chaka chimene chija. Ndinayeza pa chingwe chakale cha ndowa chimene amayi anasunga. Ndimafuna tidziwiretu tisanafikenso pamenepo, tisadzamwenso za kudambo."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndikanayamba bwanji? Mukanadzuka n'kuchokapo."

Miyendo ya a Jeremiya inafunadi kudzuka, mwa chizolowezi. Koma anali atagwada, chingwe chili m'manja, ndipo manyazi anawakanikiza pomwepo. Anali atatentha chinthu chokhacho pakhomo pawo chimene chinkatchula mwana wawo. Chapatali belu loyamba la tchalitchi linalira.

"Unamanga pati?" anafunsa.

Esitere analoza pa mfundo ya chisanu ndi chinayi.

Bambo aja anayang'ana mfundoyo, n'kuyang'ana m'chitsime. Kukayika kwawo kunadzukanso, koma ulendo uno kunali ndi ntchito.

"Unalakwitsa," anatero. "Chingwe cha amayi akocho ndinachilumikiza ine ndi china kuti chitalike, titakumba kufunafuna madzi mwana atadwala kale. Ndinalowamo ndekha m'chitsime muno. Matope anayamba chisanalumikizidwe." Anabweza chala chawo kuchoka pa mfundo ija, mkono wathunthu, n'kuima pafupi kwambiri ndi pamene Esitere anatsina m'mawawo. Pakati panatsala malo osakwana chikhatho.

Esitere anayang'ana kampatako, milomo ikuwerenga chamumtima. "Ndiye kuti si Disembala," anatero. "Kwatsala masabata atatu kuti tione matope."

A Jeremiya anatembenuza m'mphepete mwa jekete yawo yakuda, anasolola ulusi ndi mano, n'kuumanga pachingwe ndi mfundo yolimba ya wosoka fodya.

"Apa," anatero. "Apa ndi pamene Mayeso anayambira kumwa za kudambo."

Dzinalo linatuluka movutikira, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa zaka zisanu ndi ziwiri. Esitere anayang'ana kumbali, akupukuta maso ndi chitenje.

Akulu a mpingo anali atakhala kale m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi pamene a Jeremiya analowa, maondo a thalauza ali matope. A Lovemore anawasuntira mpando, koma iwo sanakhale. Anatulutsa chingwe chonyowa n'kuchiyala pa tebulo, nati n'kugunda thabwa. Akulu awiri anabweza manja msanga.

"Mwabweretsa nkhani ija?" anafunsa a Lovemore.

"Ndabweretsa," anayankha a Jeremiya. "Mwini wake ali panjapo, alowa afotokoze yekha, inu mumvetsere. Musandikhulupirire ine, ngakhale iye. Tikatuluka m'tchalitchi aliyense akatsitse yekha chingwechi. Koma mubwere ndi makasu okumbira chitsime, chifukwa ine ndinaika kale mwana mmodzi."