Kaudzu Kodya Ntchentche ka Tisunge

Tisunge wa ku Lobi anali woumba mbiya, ndipo mbiya zake sizinkang'aluka pamoto. Koma mkaziyu anali ndi nthenda imodzi, chidwi. Anzake akapita kumtapo ankakumba dothi n'kubwerera; iye ankatsalira chogwada m'dambo, kupenyetsetsa tinthu topanda ntchito.

Zaka zimenezo, azungu atangomanga boma pa Dedza, Tisunge anapeza kaudzu kofiira konyata pansi, kokhala ndi mame osauma ngakhale dzuwa lili paliwombo. Ntchentche inaterapo, basi, inamatirira. Tsamba linapindika pang'onopang'ono n'kuifumbata. Patapita masiku panatsala mapiko okha.

Munthu wanzeru akanalavula malovu n'kuthawa. Tisunge ayi ndithu! Anakazula ndi matope ake omwe, n'kukaika m'phale kuseri kwa nkhokwe, n'kumakagwirira ntchentche ngati akudyetsa mwanapiye.

Mvula ili pakati, mwana wa Pilirani, mng'ono wake wa Tisunge, anayamba kuwonda. Anawonda mpaka kutsala maso okha, n'kumwalira. Pamaliro pomwepo Pilirani anamuloza chala Tisunge.

"Akulu anga, udzu unayamba liti kudya nyama? Chomwe mukuweta kuseri kwa nkhokwecho chinayamba ndi ntchentche, lero chandidyera mwana."

Mawuwa anamulasa Tisunge mumtima, pakuti mwanayo ankamukonda. Mkwiyo unamutseka maso. "Itanani wosinja mwavi," anatero. "Koma ndisamwe ndekha. Timwe tonse a nyumba ino, tione mfiti ndani."

Aliyense ankadziwa kuti mwavi sunama: wosalakwa amasanza, mfiti imafa. Tisunge ankafuna kuti Pilirani naye alawe kuwawa kwa khungwa la mwavilo. Anaiwala, kalanga ine, kuti m'nyumbamo munalinso mayi awo Anaphiri, nkhalamba ya chifuwa yomwe inkalephera ngakhale kusenza mtsuko.

Anapita m'mamawa kunkhalango ya misuku, kutali ndi maso a boma, m'mimba muli pululu. Anamwa onse atatu n'kuyamba kuyenda uku ndi uku monga mwa mwambo. Tisunge anasanza, nthungululu zinalira. Pilirani anasanzanso. Anaphiri anangokhala pansi n'kutsamira mtengo, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, sanzani!" Tisunge anakuwa, akuwasisita kumsana. "Chonde amayi, sanzani!"

"Zikukanika, mwana wanga," anatero Anaphiri motsitsa mawu.

Dzuwa lisanapendeke anali atazizira. Mfiti siiikidwa m'manda, ndiponso siiliridwa. Amuna anawamanga luzi m'miyendo n'kuwakhwekhwereza kuphompho, ndipo akazi anamugwira Tisunge pakamwa kuti asatulutse mawu.

Tisunge anakhala zaka zambiri, akuumbabe mbiya, ndipo palibe anamutchulanso mfiti. Ankamuuza kuti azikondwera poti anayera. Koma mwavi anauitanitsa yekha, ndipo mpaka imvi zili mbuu analibe manda oti akagwadepo n'kupepesa.