Mitengo Inayi ya Katope

Kumudzi kwa mkazi wanga, kumtunda kwa Dambe, kunali kasupe m'munsi mwa mitengo inayi ya katope. Ine ndinafikako ngati mkamwini, ndipo sabata yoyamba yomwe apongozi anga aamuna anandionetsa mitengoyo. Anati mtengo wa pa kasupe sadula uli wamoyo. Ukauma wokha, aliyense angathe kuupempha, pakuti mtengo wouma sumwetsa munthu.

Mwa mawu onsewo, ine ndinasunga omalizawo.

Masiku amenewo anzanga anali atayamba kuotcha makala, n'kumatsika nawo pa njinga kukagulitsa kumsewu. Ine njinga ndinalibe, ndipo mitengo ikuluikulu m'phiri inali itatha. Tsiku lina kunagwa maliro kutsidya, mudzi wonse unapita. Ndinati mutu ukundipweteka. Anthu atachoka ndinatenga khasu ndi sompho. Ndinafukula dothi patsinde pa mtengo uliwonse, n'kusenda khungwa kuzungulira, pansi pomwe diso silifika. Kenaka ndinakwirira ndi matope, n'kuwazapo masamba. Pamene anthu ankabwera kumanda, anandipeza pamphasa ndikubuula.

Dzinja lachiwiri mitengo ija sinaphukire. Akuluakulu anaima pansi pake akupukusa mitu, nati dzuwa lanyanya zaka zino. Ndinakapempha mwaulemu, ndinaloledwa. Apongozi anandithandiza ngakhale kukwirira uvuni wa makala. Njinga ndinagula.

Kasupe sanaphwe nthawi imodzi. Poyamba amayi ankangodikirana kuti madzi adzaze chikho. Kenaka kasupeyo ankaphwa mwezi wa Okutobala, n'kubwerera mvula ikagwa. Chaka china sanabwererenso. Kuyambira pamenepo mkazi wanga ankatsetsereka kudambo, kumene pambuyo pake anthu anakumbako mjigo, n'kukwera chitunda ndi ndowa pamutu kawiri pa tsiku. Anakwera ali ndi pakati, anakwera ali ndi mwana kumsana, anakwera imvi zitamera. Ine ndinkamudutsa pa njinga.

Sukulu ndinalowa mochedwa, ya kwacha, ana anga atakwatira kale. Tsiku lina mlangizi anatigawira kapepala konena za kutentha kwa dziko. Ndinakawerenga ndi chala, masiku atatu. Kanati utsi wa mafakitale ndi magalimoto a kumayiko akutali umaunjikana kumwamba ngati bulangete, kutentha n'kumalephera kutuluka. Ndinaona kuti n'zoona. Kwathu kuno kale chifunga chinkafika mpaka pakhomo, ndipo mwezi wa Juni zala zinkauma ndi chisanu. Lero udzudzu wakwera phiri. Mvula imachedwa, ikabwera imabwera ndi ukali, n'kukokolola mizere ya kachewere tsiku limodzi. Akasupe ena anaphwanso, ngakhale kumene palibe amene anagwirako sompho.

Mtima unakhala pansi. Ndinati kani mlandu si wanga, ndi wa anthu amene sindidzawaona. Koma kuseri kwa kapepalako kunali chithunzi cha chitsa, ndi mawu akuti mizu ya mitengo ndiyo imasunga madzi m'nthaka. Mbali imeneyo ndinaipinda mkati, n'kuika kapepalako m'Baibulo.

Chaka chatha mkazi wanga anaterereka pachitunda chija ali ndi chigubu pamutu, n'kuthyoka m'chiuno. Anagona kuchipatala ku Boma, ndipo anabwerako pamsana pa mdzukulu wake. Sanayendenso. Anthu obwera kudzazonda ankati, "Pepani, ndi kusintha kwa nyengo kumeneku, madzi atalikira." Ine ndinkavomera. Koma ndinkamuona akuchepa pamphasa, ndipo ndinadziwa kuti ndikapitiriza kuvomera, adzapita osadziwa kuti wakhala ndi munthu wotani.

Masana ena ndinamunyamula kumukhazika pakhonde. Ndinakhala pansi pafupi naye.

"Mayi, ndili ndi mawu. Mitengo ija ya pa kasupe sinaume yokha."

Anapitiriza kutong'ola chimanga m'lichero.

"Mwandimva kodi?"

"Ndathyoka chiuno, bambo, osati makutu."

Ndinafotokoza zonse, za maliro, za sompho, za matope. Anandisiya mpaka ndinatha.

"Munthu wodwala mutu," iye anati, "koma malaya ali ndi madontho a khungwa la katope. Anachapa ndani malaya aja? Ndinatha sopo, osachoka."

"Ndiye munkadziwa?"

"Tsiku lomwelo."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena, alongo anga akanakupitikitsani dzuwa lisanalowe. Ndinali ndi mimba ya mwana woyamba. Ndinasankha mwamuna, ndinasiya madzi. Ndimayesa mudzandiuza mukagula njinga. Ndimayesa mudzandiuza bambo anga asanamwalire."

Ndinatulutsa kapepala kaja, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinati mwinanso kasupeyo akanaphwabe, pakuti dziko lonse latentha.

"Mwina," iye anati. "A mafakitalewo akayankha okha kwa Mulungu. Koma iwo sanadye m'nyumba ya bambo anga."

Sanalire, sanandikalipire. Anandipatsa lichero kuti ndikaike m'nyumba. Nditatuluka anati, "Mumtsuko mulibe madzi."

Kuyambira tsiku limenelo ndimatunga ndine. Njinga ija inatha kale, ndiye ndimasenza pamutu, ndi nkhata yake yomweyo. Amayi pa mjigo amaseka, amati, "Agogo, chikondi chakukalamba n'choopsa eti!" Ine ndimangosenza n'kunyamuka. Pachitunda chija ndimapumira kanayi, ndipo popumira pachitatu ndi pamene panali kasupe. Ndinadzalapo mbande zinayi za katope. Zitatu zinapsa ndi dzuwa la Novembala. Yotsalayo ndimaithirako chikho chimodzi ndikamadutsa.

Mkazi wanga amaona kuti chigubu chimafika chosadzaza. Sanandifunsepo, ndipo mawu akuti ndakukhululukirani sanawanene.