Natale Imene Bambo Sanafike

Chaka chimenecho ndinali nditangoyamba kusoka pakhonde lina pafupi ndi msika wa ku Fingoe. Gulu la masewero la kutchalitchi kwathu linandiitana kuti ndisoke zovala za sewero la Natale, Khirisimasi. Ndinapita kukangoyeza anthu, koma poona kuti sindijomba pa ensayo, pamene ankayeserera sewerolo, anandipatsa pepala kuti ndizikhala kuseri kwa nsalu n'kumakumbutsa woiwala mawu.

Sewerolo analemba ndi aphunzitsi ena a pa shikola yathu. Linali la mtsikana amene bambo ake anapita kukakumba golide n'kukhalitsa osatumiza uthenga. Amayi ake ndi amalume ake ankamuuza kuti aleke kudikira, koma iye m'mawa uliwonse ankasesa njira yolowera pakhomo, ndipo ankakaniza kupha tambala wake mpaka bambowo atabwera. Kumapeto, pa tsiku la Natale, mtsikanayo ankafunsa kuti, “Kodi akubwera apowo ndani?” Pamenepo bambo ankatulukira atanyamula kapulana yatsopano, chitenje cha mphatso, kwaya n'kuyamba nyimbo.

Amene ankasewera mtsikanayo anali mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wa mayi wina wogulitsa matimati pamsika. Bambo anali mwamuna wa ku Chiputo, mlimi wa mawu aakulu, amene ankabwera pa njinga Lachisanu n'kugona kwa mlongo wake kuti Loweruka apezeke pa ensayo. Mawu ake m'sewero anali ochepa, koma iye ndi mwanayo anazolowerana kwambiri. Ankamubweretsera mango m'thumba la jekete.

Kutatsala masiku atatu mvula inayamba, ndipo siinaleke. Tsiku la Natale, mapemphero atatha, mwamuna uja anali asanaoneke. Foni yake sinkalowa. Anthu ankati mtsinje wa panjira ya ku Chiputo wadzaza moti ngakhale njinga zamoto sizikuwoloka.

Aphunzitsi anapempha mmodzi wa a kwaya kuti alowe m'malo. Ndinamuveka jekete imene ndinasokera mwamuna uja, manja ake n'kuwapinda chifukwa inamukulira. Mwana uja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Aphunzitsi, awa si bambo anga,” anatero.

“Lero ndi amenewa, mwanawe. Iwe ungonena mawu ako.”

“Aja anandiuza kuti abwera.”

Aphunzitsi anatiuza kuti tiyambe, chifukwa anthu anali atadzaza kale mpaka m'mawindo.

Sewero linayenda bwino. Tambala anathawa pakati pa anthu, ana n'kumugwira, aliyense n'kuseka. Titafika kumapeto, mwana uja anatenga tsache n'kuyamba kusesa monga tinkachitira pa ensayo. Koma sanayang'ane kunsalu kumene wolowa m'malo uja anaima. Maso ake anali kukhomo la tchalitchi, kumene mvula inkadontha kuchokera pamalata.

Ndinanong'ona kuti, “Kodi akubwera apowo ndani?” Sanabwereze. Ndinanenanso mokwezako, mpaka a pa benchi yoyamba anamva. Iye anapitiriza kusesa malo omwewo. Wolowa m'malo uja anandifunsa ndi maso ngati atuluke, ine ndinamugwira dzanja kuti adikire mawu ake.

Kenako mwanayo anaika tsache pansi n'kutembenukira kwa amene ankasewera amayi ake.

“Amayi, lero sanabwere. Tambala musaphe. Mawa ndisesanso.”

Anakhala pansi. Mawuwo pa pepala langa panalibe. Wotsogolera kwaya, poona kuti palibe akuyankhula, anaganiza kuti latha ndipo anayambitsa nyimbo. Anthu anaimba nawo, koma m'manja anaomba ochepa. Ena potuluka ankafunsana ngati aphunzitsi analemba dala motero. Aphunzitsiwo anakwiya, ngakhale mwanayo sanamukalipire.

Pobwerera kunyumba ndinali ndi amayi anga, titafunda pulasitiki imodzi. Amayi anathawira ku Zambia pa nthawi ya nkhondo ali kamtsikana. Bambo awo, agogo anga aamuna, anatsala kuti asonkhanitse ng'ombe, akuti atsatira pambuyo, ndipo sanaonekenso. Zimenezi ndinkazidziwa, koma amayi sankazikamba.

“Ine ndinkakhala pachulu cha kumsewu,” anatero tili pakati pa njira. “Lole iliyonse ikaima ndinkathamangira. Ndinasiya nditayamba kumera mawere.”

Ndinawafunsa ngati seweroli lawapweteka.

“Iyayi. Mwana uja wanena zoona,” anayankha, n'kuyamba kukamba za mbuzi zimene tinazisiya panja.

Mwamuna wa ku Chiputo anafika patapita masiku awiri, akukankha njinga, matope mpaka m'chiuno. Anali atagona kwa anthu kutsidya kudikira kuti madzi aphwe. Atamva zimene zinachitika anapempha kuti sewero lichitikenso, ndipo tinalibwereza pa chaka chatsopano monga linalembedwera. Mwana uja anafunsa funso lake, bambo anatulukira ndi kapulana, anthu anaimirira ndi nthungululu. Amayi anga tsikulo sanapite, anati chimanga chalowa udzu.

Mtsikanayo tsopano ndi wamkulu, akuphunzira ku Tete. Atabwera patchuthi chapitachi anandibweretsera siketi kuti ndimuchepetsere, ndipo ndikumuyeza ndinamufunsa chimene ankaganiza tsiku lija.

“Palibe chachikulu, amayi,” anatero. “Ndinkati ndikachedwetsa pang'ono afika. Nditaona kuti mkono watopa, ndinangonena zimene zinalipo.”

Anandipempha kuti siketiyo ndiimalize lisanafike Lolemba, chifukwa galimoto ya ku Tete inkanyamuka m'mawa.