Laisensi ya Njuga ya Amuna Anga

Adzukulu anga masiku ano akutchovera makadi pa foni, ndipo akuti boma likawakonzera lamulo zinthu ziwayendera. Ine ndimangoti chabwino. Mawu amenewo ndinawamvapo kale m'nyumba mwanga momwe.

Amuna anga ankatchova njuga ndisanawadziwe n'komwe. Nthawi ya chipani chimodzi ankatchovera m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba, iwo ndi anzawo atatu, monong'ona ngati ali pamaliro. Wodyedwa kwambiri ankamubwezera zake pomaliza, kuopa kuti angakawaulule.

Ine ndinali ndi njinga. Ndikuti yanga, osati yathu. Ndinaigula nditalima mtedza zaka ziwiri. Mudzi wathu uli pakati pa Nathenje ndi Mitundu, ndipo njingayo ndiyo inkandinyamulira matimati kupita ku msika wa Mitundu. Ana ankaphunzira chifukwa cha kaliyala wake.

Matipate atabwera, wailesi inanena kuti aphungu akukambirana lamulo la njuga, kuti wofuna kutchovetsa azitenga laisensi. Amuna anga anaimva nkhaniyo ataima chilili, chipewa chili m'manja.

"Mayi a ana, mwamva? Boma lativomereza."

"Lavomereza inuyo?"

"Latchula njuga. Nanga wanjuga m'mudzi muno ndani?"

Anavala jekete la kutchalitchi n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Ku ofesi ina, kalaliki anawafunsa kuti hotela yawo ili kuti, ndipo ili ndi matebulo angati. Iwo anayankha moona mtima kuti ali ndi mkeka umodzi. Kalalikiyo, pofuna kuti achoke, anawapatsa fomu yachizungu yosalembapo kanthu, koma pamwamba pake panali chizindikiro cha boma. Kwa amuna anga basi, laisensi ndi imeneyo.

Anaikulunga m'pulasitiki n'kuikhomera pa mtengo wa mango pabwalo. Njuga inatuluka m'chigafa n'kumatchovedwa dzuwa likuswa mtengo. Ndinalankhula mpaka kukamwa kuuma. "Abambo, pepalali lilibe ngakhale dzina lanu!" Ankati dzina adzalembapo lamulo likadutsa.

Mbiri inafika ku Mitundu yoti kwathu kuli njuga ya boma. Kunayamba kubwera mavenda ogula fodya, anthu a zala zoterera, atatenga makadi awo atsopano. Amenewa sankanong'ona, ndipo sankabweza kanthu. Abwezerenji? Analibe womuopa.

Loweruka lina ndikuchokera kudimba, ndinapeza pakhoma pomwe ndinkatsamiritsa njinga pali mbee. Amuna anga anali khale pamkeka, maso ali pa laisensi yawo.

"Ili kuti?"

"Ndinatsala pang'ono kudya, mayi."

Kalanga ine! Mtima unandipsa. Sindinatukwane, poti ndinali mtsogoleri wa amayi kutchalitchi. Ndinamatula pepalalo pamtengo n'kuuyamba wapansi kupita kupolisi.

Wapolisi analitembenuza uku ndi uku. Anati iyi si laisensi koma fomu chabe, ndipo lamulolo ngakhale lidutse ndi la eni mahotela, osati la mikeka. Kenako anandiuza mwaulemu: "Mayi, njingayo tikhoza kukailanda lero lomwe. Koma wotchovetsa njuga popanda chilolezo ndi amuna anuwo. Tiyambira iwowo."

Ndinakhala pabenchi n'kumaganiza. Ndinene zoona, ndinaganiza nthawi yaitali kuposa mmene mkazi wopemphera amayenera kuganizira. Koma fodya m'chigafa anali asanasankhidwe, ndipo wodziwa kusankha anali iwowo. Ndinapinda pepala lija n'kubwerera kunyumba. Njuga nayo inabwerera m'chigafa sabata yomweyo, popanda wolamula.

Zaka zitatu ndinasenza matimati pamutu. Njinga yanga ndinkakumana nayo tsiku lililonse la msika, itanyamula fodya wa munthu wina. Mwini wake watsopanoyo anali waulemu ndithu. Akandipeza panjira ndili ndi dengu langa, ankandiimbira belu kuti ndipatuke, belu lomwe ndinagula ndekha. Ndipo ndinkapatuka.