Mwala Umene Ndinalandira Pakhomo Panga

Mulungu ndi mboni, izi sindikupeka ayi, zinandichitikira ine ndemwe kwathu ku Kandeu, masanasana dzuwa lili paliwombo, ndipo chipsera chake chikadali pamphumi panga.

Ine ndine mayi wamasiye, mlimi wa kachewere. Bambo a kunyumba anatisiya kalekale, atabwerako ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mwana wathu wamkazi anakhoza bwino sukulu mpaka anapeza mwayi wokaphunzira sayansi kunja. Chaka china atabwera kutchuthi, tikutuluka m'tchalitchi, amayi anzanga anamuzungulira kumufunsa zomwe amaphunzira kumeneko. Iye, poti ndi wosabisa mawu, anafotokoza kuti kuli makina otchedwa leza amene amalasa kachitsulo ndi kuwala kwamphamvu mpaka kasanduke moto wonga wa padzuwa, ndipo motowo umatulutsa kuwala kofanana ndi kuja amajambulira mafupa kuchipatala, koti tsiku lina kudzaonetse tinthu tating'onoting'ono, ngakhale ta m'magazi a munthu.

Abale inu, akanadziwa akanatchula magazi? Anali masiku aja kunawanda mphekesera za anamapopa. Pomwe nkhaniyo imafika kumsika inali itamera nyanga, ati mwana wanga wabwera ndi makina opopa magazi ndi kuwala, opanda ngakhale singano.

Lachiwiri lake ndikusankha mbewu pakhonde, ndinangomva chiphokoso chikutsika ndi msewu. Anthu, zibonga, miyala, wina atanyamula chigubu cha petulo! Patsogolo panali bambo wina amene timaimba naye kwaya imodzi. Mwana wanga anati atuluke akawalongosolere bwinobwino, koma gulu lolusa lili ndi makutu kodi? Ndinamukankhira m'nyumba, n'kukhoma loko, n'kuima pakhomo ndi khasu.

Anthuwo anakuwa kuti ndimutulutse, apo ayi ayatsa nyumba. Ndinawayankha kuti wofuna mwana wanga ayambe wadutsa pa mtembo wanga. Ndinati amene wapopedwa magazi abwere kutsogolo timuone, koma onse anangoyang'anana. Bambo a kwaya aja ndinawafunsa ngati anakana kujambulidwa mwendo tsiku limene ngolo inawaponda. Ndisanamalize, mwala unachokera kumbuyo kwa gulu n'kundifika pamphumi, phwa! M'maso munada, koma ndinatsamira khasu, sindinagwe. Ndinapukuta nkhope ndi dzanja, n'kulikweza lili psuu, ndipo ndinawauza kuti magazi omwe amawafunawo ndi awa, anene okha amene wawatulutsa, mwana wanga kapena iwo.

Mayi wina anayamba kulira, anzake n'kumazemba mmodzimmodzi, wa petulo uja anasiya chigubu m'mizere n'kuthawa. Apolisi pofika anapeza ndili ndekha, ndikadali chiimire.

Achibale anandichonderera kuti ndisamuke, ine ndinakanitsitsa. Ndisamukire chiyani, ndinaba cha yani? Lamlungu lotsatira ndinakakhala kutsogolo m'tchalitchi ndi bandeji yanga, mwana wanga ali pambali. Iye anabwerera kunja kuja, anamaliza maphunziro ake, ndipo mpaka lero akugwira ntchito ya kuwala komweko.

Namapopa sindinamuonepo ine, koma anthu okhetsa magazi ndinawaona, ndipo onse ndimawadziwa maina. Choncho inu, wina akadzakunong'onezani zoopsa za mwana wa mnzanu, mufunseni ngati anaona ndi maso ake musanatole mwala, chifukwa mawa gululo lidzaima pakhomo panu.