Chikope cha Tiyamike chikudikira amalume

Lamlungu lapitali amalume anabwera kwathu pa njinga kuchokera ku Migowi. Amayi ndiwo anawaitanitsa, nkhani yake ya mng'ono wanga Tiyamike.

Tiyamike ali sitandade 1. Anabadwa ndi chikope cha kumanzere chogwa, moti chimatseka pafupifupi diso lonse, ndipo cha kumanja nachonso sichitukuka bwino. Kuti akuone, amakweza chibwano ngati nkhuku ikamamwa madzi. Adokotala a maso atamuyeza anati vutoli limakonzeka ndi opaleshoni ku Blantyre. Amangokweza chikopecho, mkati mwa diso salowamo. Koma anachenjeza kuti tisachedwe. Diso la mwana likakhala lotsekeka nthawi yaitali limazolowera kusaona, ndipo akakula, ngakhale chikope chitakwezedwa, silionanso bwino.

Ndiye chikutichedwetsa n'chiyani? Mawu a mwini mbumba. Kwathu kuno mwana sapita ku opaleshoni amalume ake asanavomere. Ngakhale abambo, omubereka enieni, anangokhala phee pampando, poti iwo ndi mkamwini.

Tiyamike anawabweretsera amalume madzi akumwa, n'kugwada bwinobwino. Kenako anakweza chibwano kuti awaone.

"Taonani mwano," anatero amalume. "Munthu wamkulu amamuyang'ana choncho?"

"Achimwene, si mwano," amayi anayankha. "Ndi mmene amaonera. N'chimene takuitanirani."

Amayi anafotokoza zonse. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Achemwali, diso si thumba la nandolo loti muzingosoka. Akakaliboola mudzalirira ndani? Mwanayu akuyenda, akudya, kusukulu akupita. Tidzakambirana tikakolola."

Tikakolola! Nandolo wake amene sanayambe n'komwe maluwa?

Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndikufunitsitsa kuyankha. Koma mtsikana wa fomu 3 salowerera akulu akamakamba. N'chifukwa chake ndikunenera muno.

Amalume anga si munthu woipa, musandimve molakwika. Tiyamike atakomoka ndi malungo, iwo ndi amene anamubereka kumsana n'kupalasa njinga mpaka kuchipatala. Tsiku limenelo panalibe zodikira kukolola.

Vuto lathu ndi limeneli. Matenda amene satentha thupi, satulutsa magazi, saliritsa mwana, sitiwayesa matenda. Timangoti "anabadwa choncho," basi nkhani yatha. Kenako timamupatsa dzina. Kusukulu anzake amamuitana kuti "Atulo." Aphunzitsi ena anamuimikapo panja, ati akuodzera m'kalasi. Kumsika amayi ena ogulitsa tomato anamukalipira kuti akuwayang'ana monyoza. Madzulo Tiyamike amadandaula khosi. Kodi zonsezi si kudwala?

Ndipo Tiyamike sali yekha. Inu simunamuonepo mwana wotere m'mudzi mwanu, amene amatukula chikope ndi chala kuti aone pabolodi? Munamuseka, kapena munawauza makolo ake kuti akamuyezetse?

Mantha a amalume ndikuwamvetsa. Inenso ndikaganiza za mpeni pafupi ndi diso la mng'ono wanga, ndimaopa. Koma mankhwala a mantha ndi kufunsa. Adokotala alipo, amayankha. Bwanji osapita kukawafunsa maso ndi maso kuti, "Mukamuchita chiyani mwana wathu, ndipo chingalakwike n'chiyani?" Mwambo wa mwini mbumba unaikidwa kuti uziteteza ana. Ukayamba kumuchedwetsa mwana kuchipatala, ndiye kuti ukuteteza ndani?

Alimi anzawo a amalume amati m'mera m'poyamba. Akamanena za mbewu, amalume amavomereza ndi mutu. Nanga diso la mwana si m'mera?

Amayi ati Loweruka lino apita ku Migowi, Tiyamike ali naye. Sakukapemphanso chilolezo ayi. Akukapempha kuti amalume atiperekeze kwa adokotala, akafunse okha chilichonse chimene chikuwaopsa. Ndikukhulupirira kuti avomera, poti kuperekeza sanakanepo.

Inu amalume nonse owerenga muno, mbumba ndi yanu, palibe akukana. Koma diso likafa, wosaona adzakhala ndani, inu kapena mwanayo?